Peni ya inki ikulemba modukiza, ndiitsuke bwanji osaiwononga?

mwana_wa_Chiputula:
Moni nonse. Ndili ndi peni ya inki ija yokhala ndi nibu, Parker Vector, inali ya malemu bambo anga ankasainira makalata a kumpingo. Yakhala mu drowa zaka zitatu ndithu, ndaipeza mwezi watha tikusamuka. Ndathira inki yatsopano koma ikulemba modukiza, mzere wotsika ukutuluka bwinobwino koma ndikangoti ndikokere cham'mbali inki yasowa, "t" akutuluka wopanda kamtanda kake, ndikaigwedeza imalemba mawu atatu anayi kenako yayambanso. M'mawa ndiye imakaniratu mpaka ndinyowetse nsonga ndi malovu kkkk. Mnzanga kuntchito akuti ndilowetse lezala pakati pa nibu, wina akuti ndiviike mu spirit. Ine ndikuopa, peni iyi ikathyoka sindingapezenso ina ya bambo. Amene mukuzidziwa thandizeni.

NyaLuwinga:
Achimwene lezalalo bwezani komwe mwalitenga, ndipo spirit musayerekeze, imatha kudya pulasitiki ya peni. Ndifunse kaye, inki mwathirayo ndi yanji? Werengani zomwe zalembedwa pabotolo. Komanso musanathire munayamba mwaitsuka? Chifukwa ngati adada anaisiya ili ndi inki mkati zaka zitatu zonsezi ndiye kuti inauma kalekale, inu mwangothira yatsopano pamwamba pa makoko.

mwana_wa_Chiputula:
Sindinatsuke mayi, sindimadziwa nkomwe kuti peni imatsukidwa. Pabotolo palembedwa drawing ink, waterproof. Ndinagula pa stationery ina mtauni, mnyamata wogulitsayo anati inki ndi inki basi.

Mdala_wa_Katoto:
Eee mwanawe, vuto ndi limenelo. Inki si inki basi ayi. Imene mwagulayo ndi ya anthu ojambula, amachita kuviikamo nibu kenako nkupukuta. Yambiri imakhala ndi tinthu takuda tonga mwaye komanso zomatira monga shellac, ndi chifukwa chake ikauma papepala madzi saichotsa. Ndiye ganizani ikaumira mkati mwa peni.

Tembenuzani peniyo muone kansi kwa nibu, pali kapulasitiki kakuda kokhala ndi timizere, kamatchedwa feed. Mkati mwake muli kangalande kopyapyala ngati tsitsi, inki imayenda mmenemo yokha ngati momwe parafini amakwerera pa chingwe cha koloboyi, ndipo nthawi yomweyo mpweya umayenera kulowa kubwerera mmbuyo kukatenga malo a inki yomwe yatuluka. Kangalande kaja kakatsekeka pang'ono pokha inki imafika mochedwa kuposa dzanja lanu, ndiye kudukiza mukuonako. Mukagwedeza mumangoikankha mokakamiza, ndi chifukwa chake imalemba mawu ochepa nkusiyanso.

Chitani lero lomwe musadikire weekend, inki imeneyo ikamakhalitsa imalimbirabe. Masulani peni, chotsani chosungira inki chija, kaya ndi cartridge kaya ndi converter yopopera. Mbali ya nibu muitsukuluze ndi madzi ozizira kapena ofunda pang'ono, otentha ayi, amapinditsa feed. Ngati ili ndi converter ibwezeni muzipopa madzi kulowa kutuluka, kulowa kutuluka, mpaka atuluke oyera, zimatopetsa ndithu mwina maulendo makumi atatu. Mukatero thirani madzi mu tambula, dontho limodzi la sopo wamadzi wotsukira mbale, limodzi lokha, muviike mbali ya nibuyo igone momwemo. Kukacha mupeza madzi asanduka akuda, sinthani mubwereze. Tsukuluzani bwino sopo yense achoke, kenako ikani tishu pansi pa kapu muimike nibu mozondoka pa tishupo, iziyamwa madzi otsala usiku wonse. Ndi kuzizira kwa kuno ku Mzuzu mwezi wa June uno ipatseni tsiku lathunthu, musaike padzuwa kapena pafupi ndi mbaula.

Ikakanabe pali ammonia wa m'nyumba, gawo limodzi pa magawo 10 a madzi, amasungunula shellac bwino kuposa sopo. Koma ameneyo osamusakaniza ndi Jik zivute zitani, mpweya wake ndi poizoni.

Inki yoti mugule ikhale yolembedwa kuti ndi ya fountain pen. Quink ya Parker yomweyo ndi yabwino, yakhalapo kuyambira 1931 ndipo sivuta kutsuka. Mukafuna ma cartridge dziwani kuti Parker ili ndi akeake, a mitundu ina salowa bwino, musakakamize.

Chibavi_boy:
Zonsezi chifukwa cha peni? Gulani Bic pa msika wa Taifa basi akulu, mpaka kugoneka peni m'madzi ngati chinangwa cha kondowole kkkkk

NyaLuwinga:
Iwe wamva kuti ndi ya malemu bambo awo, Bic yako ikhale.

Ndiwonjezere pa zomwe anena adada a ku Katoto. Ine ndimachongera ma exercise ndi Hero 616, zotchipa za ku China zija zofinya kathumba, ndipo ndaona kuti nthawi zina peni ilibe mlandu, ndi pepala. Mumayamba bwino pamwamba pa tsamba, mukafika chakumunsi yayamba kudumpha, chifukwa mpamene dzanja linatsamira ndipo ngati munadzola Vaseline kapena lotion mafuta aja atsalira papepala, inki ndi yamadzi ndiye sigwira. Ine ndimaika kapepala kena pansi pa dzanja. Mapepala oterera onyezimira aja nawonso ndi chimodzimodzi.

China, mukamaliza kutsuka jambulani nsonga ya nibu ndi foni muikuze. Timano tiwiri ta kunsonga kwa nibu tija tiyenera kukhala tofanana, kena kakakwera pamwamba pa kanzake peni imakanda pepala mbali imodzi. Ndipo pakati pake paziwoneka kampata kakang'ono mukaloza kowala. Kudinikiza kwambiri polemba ngati momwe tinazolowerera ndi ballpoint kumatanyula timanoti, inki nkulephera kufika kunsonga. Peni ya inki imafuna kungoitsetsereka.

O, ndipo osaiika chogona m'chikwama paulendo. Ine ndinachoka nayo ku Nkhata Bay pa minibasi ili theka, kutentha kuja ndi kukwera mapiri kubwera kuno mpweya wa mkati unafufuma, pofika pa depoti ndikutsegula chivindikiro zala zonse buluu, ndi chitenje chomwe. Muziiimika nibu kumwamba.

mwana_wa_Chiputula:
Ndabweranso. Yewo chomene adada ndi amayi. Ndinaviika masiku awiri, usiku woyamba madzi anada bii, wachiwiri anatuluka abuluu, ndiye kuti inali inki ya bambo ija yomwe inaumira mkati, ndinakhala kaye pansi ndikuyang'ana tambulayo. Tinatulukanso timakoko takuda ngati masamba a tiyi. Ammonia sindinamufune. Quink sindinaipeze mtauni muno, msuweni wanga wanditumizira kuchokera ku Lilongwe pa basi, ndalemba masamba awiri dzulo osadukiza ngakhale kamodzi, kungoti mizere yoyamba inali yotuwa, kaya ndi madzi otsalira aja. Funso lina, ndiziitsuka kangati? Nanga botolo la drawing ink lija nditani nalo, ladzaza ndithu.

Mdala_wa_Katoto:
Kutuwako ndi madzi omwewo, kutha kokha. Ngati mukulembera tsiku ndi tsiku kamodzi pa mwezi kapena miyezi iwiri nkokwanira, madzi okha opanda sopo, komanso nthawi iliyonse mukasintha mtundu wa inki. Mukadziwa kuti ikhala osagwira ntchito kwa milungu ingapo khuthulani inki muitsuke muisunge youma. Botololo kapatseni mwana amene amakonda kujambula, azigwiritsa ndi kaburashi.

Chibavi_boy:
Botololo ndipatseni ine, ndilembere nambala pa geti kkkk