Thandizeni pa reported speech (kusimba mawu amene wina ananena), GCE yayandikira ndipo "that" yanisokoneza mutu

NaPhiri_Kapata:
Muli bwanji onse a m'gulu muno. Ine nikulembanso Chizungu pa GCE chaka chino, ninafeluka poyamba manje nifuna nikonze kuti nikayese mwayi ku koleji ya unesi. Vuto langa lili pa paper 2 paja pa ma transformation, pomwe amakupatsa sentensi A yonse koma B amangoyamba chabe kuti iwe utsirize. Dzulo ku tyushoni aticha anatipatsa iyi

A: "Where are you going?" the conductor asked me.
B: The conductor asked me...

Ine ninalemba "The conductor asked me that where am I going?" ndipo aticha anadula na bolopeni yofiira ati zolakwa zili zitatu musentensi imodzi. Zitatu shuwa! Kufunsa ninachita manyazi chifukwa mukalasi muja mwadzaza tiana ta zaka 18 ine mayi wa ana awiri. Odziwa ndithandizeni, kwa ine sentensi ija ikumveka bwino bwino mpaka pano.

Aphunzitsi_Opuma:
Amayi musachite manyazi, ndaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri kuno kum'mawa ndipo cholakwa chimenechi ndachidula kosawerengeka. Ikumveka bwino kwa inu chifukwa chimene mwalembacho ndi Chinyanja chovala jekete ya Chizungu. Ife timati "kondakitala anandifunsa kuti ukupita kuti?" Taonani, pambuyo pa "kuti" mawu a kondakitala tawasiya momwe anatulukira m'kamwa mwake, ngakhale "u" wa "ukupita" sitinamusinthe. "Kuti" wathu amachokera ku mneni uja wa "anati", "nditi", ndiye amangotsegula chitseko kuti mwini mawu alankhule yekha. "That" sagwira ntchito imeneyo, ndipo sakhala pamodzi ndi where, what, why, when kapena how. Ndiye cholakwa choyamba ndi chimenecho, mufufuteni.

Chachiwiri, mukamafotokoza funso la munthu wina inuyo simukufunsa kanthu, mukungosimba nkhani. Choncho mawu amabwerera m'malo mwake ngati chiganizo wamba, "I" patsogolo mneni pambuyo. Chachitatu ndi nthawi ya mneni. Ife timati "anati akudwala" ngakhale ananena sabata yatha ndipo pano munthuyo anachira kalekale akulima kudimba, "akudwala" sasuntha. Mzungu akayamba ndi said kapena asked amakokera mneni sitepe imodzi kumbuyo, am ndi is zimakhala was, will amakhala would, can amakhala could, have amakhala had, went amakhala had gone. Yankho lanu linayenera kukhala "The conductor asked me where I was going." Ndipo aticha anu anakukomerani mtima, zolakwa ndi zinayi, chizindikiro cha funso kumapetoko chichokenso muike fulusitopu.

Funso lomwe yankho lake ndi inde kapena ayi ndiye losavuta chifukwa nafenso tili nalo, "anandifunsa ngati ndadya". Ngati ameneyo ndi if kapena whether, "She asked me if I had eaten."

Mfana_wa_Navutika:
Kkkkk ine nkhani izi ninazithawa kudala, kuno ku komboni reported speech yonse ni "ati" chabe, ati he is coming, ati no change boss, yatha nkhani palibe tensi yosuntha. Koma a teacher nifunseko, nanga bwanji pa nyuzi ya ZNBC na mumanyuzipepa nimamva "the minister said government is working on the road", sakamba was, ndiye iwo amafeluka olo lamulo ili ni la ise osauka chabe?

Mlembi_wa_Kopaletivu:
Iwe mfana funso lako ndi labwino ngakhale wafunsa mwachipongwe. Chinthu chikakhala kuti chikadali choona panthawi yomwe ukusimba, mneni utha kumusiya osamukoka. "The teacher said water boils at 100 degrees", madziwo sanasiye kuwira chifukwa aphunzitsi anatseka pakamwa. Atolankhani nawo amasiya is pofuna kuonetsa kuti nkhaniyo ikadali yamoyo. Ndipo ukayamba ndi says m'malo mwa said nthawi ya mneni sisuntha ngakhale pang'ono.

Ine chomwe chinandiphunzitsa zinthuzi si sukulu ayi koma maminitsi. Ndimalembera kopaletivu yathu ya alimi cha ku Katete kuno, msonkhano timachita m'Chichewa koma bukhu limafunika Chizungu chifukwa akuluakulu a ku boma amaliona. Tsiku lina atcheya anati feteleza afika mawa, ine n'kulemba "The chairman said fertiliser will come tomorrow." Patapita masabata atatu feteleza asanafikebe, mwana wa sukulu wina anawerengera agogo ake tsamba lomwelo n'kuwauza kuti mawa kuli feteleza, mbiri n'kufalikira mudzi wonse, m'mawa mwake anthu ndi njinga ndi ngolo ali pa shedi kudikira mphepo, ndipo wotukwanidwa ndinali ine osati atcheya. Kuyambira pomwepo ndinadziwa chifukwa chake tomorrow amasanduka the following day, yesterday amasanduka the previous day, here amakhala there, today amakhala that day. Mawa wa atcheya si mawa wa munthu wowerenga. Koma ukamasimba tsiku lomwelo, munthu wanena m'mawa iwe ukufotokoza masana, tomorrow amakhalabe tomorrow, osamangosintha ngati makina.

Asisi a ku Kapata onjezaninso ichi, malamulo ndi mapempho. Ife timati "anatiuza kuti tisagulitse chimanga", Chizungu chachidule ndi "He told us not to sell the maize", not amabwera patsogolo pa to. Komanso told amafuna munthu wouzidwayo pompo, told me, told us, pamene said sanyamula munthu choncho, "he said me" kulibe.

Aphunzitsi_Opuma:
Alembi mwafotokoza bwino, nkhani ya feteleza ndaseka ndekha muno mpaka amayi a kunyumba afunsa kuti kwagwanji. Ndingochenjeza pang'ono, pa mayeso a ECZ (bungwe loona za mayeso muno m'Zambia) amayi NaPhiri kokani mneni pokhapokha chikhale choonadi chosasintha ngati cha madzi chija, wochonga amafuna aone kuti lamulo mukulidziwa. Za atolankhani muzichita mukatenga satifiketi.

NaPhiri_Kapata:
Zikomo kwambiri a teacher na alembi, apa maso atseguka, ija ya "kuti" kutsegula chitseko sininaiganizepo olo tsiku limodzi. Nayesa izi pa foni nili pa msika makasitomala kulibe lero

"What do you want?" = She asked me what did I want.
"I will pay you tomorrow." = He told me that he would pay me the following day.
"Don't touch my tomatoes." = She told him not to touch her tomatoes.

Aphunzitsi_Opuma:
Yachiwiri ndi yachitatu chongani nokha, zili bwino. Yoyamba did akufuna chiyani pamenepo? Do, does ndi did amabwera kudzathandiza kufunsa, funso likatha amapita kwawo n'kusiyira mneni katundu wa nthawi. "She asked me what I wanted." Yesani iyi usiku uno ana akagona, ili ndi misampha ingapo: "Did you see my husband here yesterday?" the woman asked the barman.

Mfana_wa_Navutika:
Iyo yankho ni "ati sininawaone mayi", barman aliyense mu Chipata amaidziwa kkkk