Timagetsi tondondozana kumwamba: ndi ma UFO, ndege za ufiti kapena chani?

Mwana_wa_kuDedza:
Akuluakulu ndithandizeni apa mutu wanga sukugwira. Loweruka lapitali ndinali kumudzi kokaona agogo, ndiye chakumadzulo kutangoyamba kuda tili pakhonde tikudikira nsima, mwana wa achemwali anga anangokuwa kuti amalume taonani kumwamba! Kuyang'ana ase, timagetsi tambirimbiri tandondozana ngati mikanda pa ulusi, mwina 20 mwina kuposa, mzere umodzi wowongoka bwinobwino, osaphethira, phokoso ngakhale pang'ono ayi. Tinayenda choncho mwina mphindi ziwiri kenako tinayamba kuzima kamodzikamodzi kuyambira kakutsogolo ngati tikulowa m'thumba. Agogo sanafune zambiri, anangoti lowani m'nyumba nonse afiti akupita kumsonkhano awa, nsima tinakadyera mkati chitseko chotseka. Msuweni wanga wa Form 4 uja akuti ayi agogo ndi ma alien amenewo ndinaonera pa YouTube. Ine ndinayesa kujambula koma foni yanga inangotulutsa mdima wokhawokha kkkk. Funso langa ndi loti ma UFO amenewa alikodi? Nanga bwanji nkhani zake timangozimva ku America, kuno kwathu sabwera kapena akabwera timawatchula dzina lina?

Wamawaya265:
Achimwene mtima pansi, zimene mwaonazo ndi ma setilaiti a Starlink, kampani ya Elon Musk ija yomwe intaneti yake inafika kuno ku Malawi mu 2023. Amawaponya ambirimbiri pa roketi imodzi, ulendo woyamba waukulu mu May 2019 anaponya 60 nthawi imodzi, ndiye masiku oyambirira asanabalalike amayenda atandondozana ngati mabogi a sitima. Alibe nyali ayi, kuwala kuja ndi dzuwa likuwamenya, inu pansi pano dzuwa lalowa koma kumwambako makilomita mazanamazana likadawala, nchifukwa chake amaoneka kukangoda kapena m'bandakucha basi, pakati pausiku simungawaone choncho. Kuzima kamodzikamodzi mukunenako ndiye umboni wake weniweni, amakhala akulowa mu mthunzi wa dziko, kakutsogolo kamayamba kulowa enawo nkumatsatira. Kuti musamasokonezeke: ndege imaphethira ndipo imakhala ndi getsi lofiira ndi lobiriwira, setilaiti siphethira imangoyenda phee. Nthandanso imapusitsa anthu ambiri heavy ikawala kwambiri chakufupi ndi phiri. Agogowo apatseni moni.

MaiTawonga_Harare:
Pa za Starlink ndikugwirizana nawo achimwene ali pamwambawa, koma zoti nkhanizi nza ku America kokha ayi mwana wanga, ife tili kuno ku Zimbabwe makolo athu anachokera ku Ntcheu kalekale, nkhani yaikulu kwambiri ya UFO mu Africa muno inachitika pafupi pompano ku Ruwa, makilomita 20 ndi pang'ono kuchoka mu Harare. Linali tsiku la 16 September 1994 pa sukulu ya pulayimale ya Ariel. Ana anali panja nthawi ya buleki m'mawa, aphunzitsi ali mkati pa miting'i, ndiye ana 62 a zaka zapakati pa 6 ndi 12 ananena kuti anaona chinthu chonyezimira ngati siliva chitatera kutchire kuseri kwa bwalo losewerera, ndipo panatuluka kamunthu kovala zakuda zokhazokha ka maso akuluakulu. Ena anathawa akulira, aphunzitsi poyamba sanawakhulupirire, koma anawo atakafotokoza kunyumba makolo ndi amene anabwera kudzafunsa kuti ana athu aona chani. Mayi wina wofufuza za ma UFO dzina lake Cynthia Hind anafika nkuwauza anawo kuti ajambule zomwe anaona, zithunzi zake zilipo mpaka lero mukasaka muzipeza, a BBC anabweranso kudzajambula, kenako mu November kunabwera John Mack, dokotala wa zamaganizo wa ku yunivesite ya Harvard, kudzacheza ndi anawo. Chimene chimandigwira mtima ine nchoti anawo pano ndi anthu akuluakulu a mabanja awo, ena ali kunja, koma ambiri akafunsidwa sasintha mawu, ena amachita kugwetsa misozi pofotokoza. Mwana mmodzi akhoza kunama, awiri akhoza kupangana, koma 62? Ndipo pa funso lanu lomaliza lija mwalasa, chifukwa ena mwa ana achikuda pasukulupo sanaganize za alien poyamba, iwo ankati ndi tokoloshi kapena zvikwambo monga amanenera anzathu achishona, tizilombo totumidwa ndi amatsenga tija. Ndiye agogo anuwo sali okha.

Kadaulo_wa_Zomba:
Mayi Tawonga nkhani ya Ariel ndimailemekeza ndipo sindinena kuti anawo ankanama, koma pali zina zomwe ma vidiyo a pa YouTube sakonda kutchula. Masiku awiri zisanachitike, pa 14 September, anthu ambiri kum'mwera kwa Africa kuno anaona chimoto chikudutsa kumwamba usiku, ndipo akatswiri amati chinali chidutswa cha roketi ya ku Russia chikupsa pobwerera m'mlengalenga. Ndiye sabata imeneyo wailesi ndi anthu m'misewu nkhani inali ya ma UFO yokhayokha, ana anapita kusukulu mitu itadzaza kale. Chachiwiri, Hind ankawafunsa anawo m'magulu wina akumva zomwe mnzake akunena, aliyense amene anaphunzitsapo ana a Standard 3 akudziwa zomwe zimachitika ukatero, wachiwiri amangowonjezera mchere pa ndiwo za woyamba. Chachitatu, nkhani yoti tianthuto tinawapatsa uthenga m'maganizo wosamalira chilengedwe inadzamveka kwambiri Mack atafika patapita miyezi iwiri. Komanso pasukulupo panali ana ena ambiri amene anali panja pomwepo koma sanaone kanthu. China chake anachiona, eya, koma kuchoka pa "china chake" kufika pa "alendo ochokera ku nyenyezi" pali mtunda wautali.

Vuto ndi dzinalo. UFO tanthauzo lake ndi chinthu chouluka chomwe sichinadziwike kuti ndi chani, basi, mulibemo mawu oti alien. Inuyo a Dedza Loweruka lija munaonadi UFO mpaka pomwe a Wamawaya anakuyankhani kkkk. Za mbale zouluka zija zinayamba pa 24 June 1947, woyendetsa ndege wina Kenneth Arnold ataona zinthu 9 zikuthamanga pafupi ndi phiri la Rainier ku America, pofotokoza kayendedwe kake anayerekeza ndi sosala yodumphadumpha pamadzi, atolankhani nkulemba kuti flying saucer, ndipo kuyambira pamenepo anthu anayamba kuona zinthu zooneka ngati mbale paliponse. Mwezi wotsatira ku Roswell, New Mexico, asilikali anatola zidutswa pa famu ina nkulengeza okha kuti apeza mbale youluka, mawa lake nkusintha kuti inali baluni yoyezera nyengo. Chilungamo chinadzatuluka m'ma 1990, inali baluni ya pulojekiti yachinsinsi yotchedwa Mogul yomwe inkamvetsera ngati a Soviet Union akuyesa mabomba a nyukiliya. Ndiye boma linanamadi, apa okhulupirira amalondola, koma chomwe linkabisa ndi ukazitape. Area 51, malo achinsinsi a asilikali ku America komweko, chimodzimodzi, bungwe lawo laukazitape la CIA linadzavomera mu 2013 kuti malowo alipo ndipo nkomwe ankayesera ndege yaukazitape ya U-2, yomwe inkauluka pamwamba kwambiri kuposa ndege zonse za nthawiyo moti oyendetsa ndege wamba akaiona ikunyezimira ankakanena kuti aona chachilendo.

Asilikali a ndege a ku America anafufuza nkhanizi pansi pa Project Blue Book mpaka 1969, malipoti 12,618, mwa amenewa 701 anatsala osadziwika. Mu April 2020 Pentagon, likulu la asilikali a ku America, inatulutsa ma vidiyo atatu ojambulidwa ndi ndege zankhondo zapanyanja, dziko lonse linagwedezeka, anakhazikitsa ofesi yake yotchedwa AARO mu 2022, dzina loti UFO analisinthanso pano akuti UAP, koma lipoti lawo la mu March 2024 linati palibe umboni wa zipangizo zochokera kunja kwa dziko lino. Ine sindikana kuti kwinakwake kungakhale zamoyo, nyenyezi nzambiri zedi, koma mtunda abale. Nyenyezi yoyandikana nafe kwambiri kupatula dzuwa, Proxima Centauri, kuwala kwake kumatenga zaka 4 ndi miyezi ingapo kuti kufike kuno, chombo cha Voyager 1 chomwe chinanyamuka mu 1977 pa liwiro lake chingatenge zaka zoposa 70,000. Munthu ayende ulendo wonsewo nkudzangotera kuseri kwa sukulu mphindi zochepa osapempha ngakhale madzi akumwa?

MaiTawonga_Harare:
Bambo Kadaulo mwalemba bwino koma 701 aja mwangowadumpha ngati chithaphwi kkkk. Ndipo roketi ya Lachitatu usiku siingatere pa sukulu Lachisanu m'mawa dzuwa likuswa mtengo.

Kadaulo_wa_Zomba:
Zoona mayi, roketiyo sinatere, ine ndangoti inakonza mitu ya anthu. Za 701, amenewo ndi malipoti oti zomwe anthu anafotokoza sizinafanane ndi chinthu chilichonse chodziwika, ndiye ofufuza alemba chani? Mbuzi ikasowa m'khola osapezeka wakuba sindiye kuti yakwera kumwamba.

Ras_Chikwawa:
Inu mukulimbana ndi za azungu, ife kuno lichero limauluka kuchoka Nsanje kukafika Joni usiku umodzi popanda pasipoti, ma alien akaphunzire kwa ife kkkkk. Koma kunena zoona mwaona kuti mzungu sanagwidwepo ndi ndege ya ufiti ndipo agogo akumudzi sanabedwepo ndi alien? Aliyense amakumana ndi zakwawo. Chomwe ndimaopa ine ndi chimodzi, ku America munthu akaona getsi kumwamba amakatsegula channel nkumadya ndalama, kuno kukacha anthu amayamba kuloza nyumba ya gogo wina wosauka kuti ndi amene amayendetsa, mapeto ake kumugenda kapena kumuotchera nyumba, tonse tikukumbuka za anamapopa mu 2017 ku Mulanje ndi Phalombe momwe mphekesera chabe inaphetsera anthu. Komanso masiku ano ma drone ali mbwee, ku Kasungu boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera ma drone mu 2017 momwemo, ena amanyamula mankhwala kupita kuzipatala zakumidzi, ndiye zouluka zosadziwika zichulukirachulukira. A Dedza bwererani kumudziko mukawafotokozere anthu msanga asanapeze wolozedwa chala.

Mwana_wa_kuDedza:
Zikomo nonse, a Wamawaya ndasaka ma vidiyo a Starlink ndipo ndi zomwezo ndendende mpaka kazimidwe kake, ndakhumudwa pang'ono chifukwa ndimafuna ndikhale munthu woyamba ku Dedza kuona ma alien. Mayi Tawonga zithunzi za ana a ku Ariel ndaziona usiku, tulo sindinagone bwino, maso aja eish. A Ras mwanena zoona ndipo zayamba kale, ndaimbira achemwali akuti Lamulungu kutchalitchi nkhani inali yomweyo ndipo ena ayamba kutchula dzina la mayi wina wamasiye wa kutsidya kwa dambo. Ndawatumizira vidiyo pa WhatsApp kuti akaonetse amfumu ndi abusa. Agogo awaonetsa kale, akuti anayang'ana nthawi yaitali nkufunsa kuti mwini wake wa timagetsito ndi ndani, atawauza kuti ndi mzungu wina wolemera kwambiri wobadwira ku South Africa anangoti ehee, nanga chuma chonsecho mukuganiza anachipeza bwanji. A Wamawaya pali njira yodziwira tsiku lomwe tidzadutsenso? Ndikufuna ndikakhale komweko ndiwaitane amfumu tidzaonere limodzi pabwalo.