Shawa ya microbubble ingamuthandize mwana wanga ndi madzi athu amcherewa?

Moni nonse a m'gulu muno. Ndikulemba ndili ku Nchalo. Mwana wanga wamkazi wa zaka 6 akangofika Okutobala thupi lonse limatuluka zidzolo, makamaka m'khosi, m'khwapa ndi kumsana. Kutentha kwa kuno mukukudziwa, masana kumapitirira madigiri 40, usiku amangodzikanda mpaka kutuluka magazi, ine tulo osatiwona.

Achimwene anga ali ku Johannesburg akuti anditumizire mutu wa shawa wotchedwa microbubble. Akuti umasakaniza madzi ndi mpweya n'kupanga timathovu tating'ono kwambiri, tosafika 0.1 mm, moti madzi amaoneka oyera ngati mkaka. Timathovuto akuti timachotsa thukuta ndi mafuta pakhungu popanda kukhula ndi chinkhupule, ndipo ku Japan anthu ambiri amasambira zimenezi. Zandikopa chifukwa mwanayu ndikamukhula amalira.

Koma madzi athu ndi a pa mjigo, amchere, sopo sachita thovu ndipo m'ndowa mumatsala zoyera. Timapopera mu thanki yomwe ili m'mwamba mamita atatu okha kuchokera pansi. Kodi chipangizochi chigwira ntchito kuno? Ndisawaonongetse ndalama achimwene.

Pulambala wa ku Limbe: Mayi, thanki ya mamita atatu mphamvu yake ndi yochepa, mwina 0.3 bar basi. Mitu imeneyi imafuna madzi othamanga kuti timathovuto tipangike, ndiye mudzafunika kapampu kowonjezera mphamvu, ndipo magetsi akathima mwabwerera pomwe munali. Komanso timabowo take ndi tating'ono, madzi anuwo adzatitseka msanga. Muzidzauviika mu viniga kawirikawiri.

Mayi wa ku Ngabu: Mnzanga, timathovuto ndi mpweya chabe, mchere sungachoke m'madzi chifukwa cha iwo. Wanga ndinkamutsukuluza ndi madzi a mvula amene ndinasunga m'mgolo akamaliza kusamba, kenako kamafuta kopanda fungo khungu lisanaume. Zovala za thonje zokha, za nayiloni ayi.

Namwino: Kodi ena m'nyumbamo akudzikandanso? Yang'anani pakati pa zala ndi m'mikono. Kuyabwa kokula usiku nthawi zambiri ndi mphere, ndipo mphere sizichoka ndi shawa iliyonse, zimafuna mankhwala opaka banja lonse nthawi imodzi, zofunda n'kuzichapa ndi madzi otentha. Pitani naye kuchipatala amuone, makamaka poti zilonda zayamba kutuluka magazi.

Wolemba funso: Anamwino mwandiopsa koma mwandithandiza. Mchimwene wake wamng'ono nayenso wayamba kudzikanda m'manja sabata yatha, ine ndimangoti ndi thukuta. Mawa m'mawa ndiwatenga onse awiri. Abambo a ku Limbe, kapampu mukunenako kangathe kuyenda ndi sola? Ndikufuna ndiwauze achimwene zoona asanagule kalikonse.