Kodi amayi akachuluka m'ndale, nkhondo yapachiweniweni imachepadi mphamvu?

Nachisale: Abale, timamva kawirikawiri zoti dziko likakhala ndi aphungu achizimayi ambiri, nkhondo yapachiweniweni siifika poipa. Umboni wake ulipo, kapena ndi zokamba za m'misonkhano chabe?

Wakafukufuku: Tiyambire pa muyeso, achemwali. Akatswiri a ku yunivesite ya Uppsala amati pali mkangano wa zida ngati anthu 25 afera pankhondo m'chaka chimodzi. Akafika 1,000, ndiye nkhondo yeniyeni. Mu 2005 katswiri wina, Erik Melander, anapeza kuti maiko okhala ndi amayi ambiri m'nyumba ya malamulo amakhala ndi nkhondo zocheperako. Koma zinthu ziwiri zikamayendera limodzi, si kuti china chabereka chinzake. Ku Rwanda amayi anachuluka m'ndale kuphana kwa 1994 kutachitika kale. Malamulo a dziko a 2003 anawasungira mipando 30 pa 100 iliyonse, ndipo mu 2008 anafika pa 56. Kumeneko nkhondo ndiyo inatsogola, mipando inabwera pambuyo.

Gogo Phiri: Ndiwonjezereko. Mayi mmodzi pampando wapamwamba sakwanira. Sri Lanka inalamulidwa ndi Chandrika Kumaratunga kuyambira 1994 mpaka 2005, nkhondo ya boma ndi gulu loukira la Tamil Tigers ili mkati, ndipo inadzatha mu 2009 mwazi wambiri utakhetsedwa. Nthawi yonseyo aphungu achizimayi anali ochepetsetsa.

Mkhalapakati: Kwa ine funso n'lakuti amayiwo akhala pati zokambirana zikamachitika. Ku Northern Ireland, lamulo la chisankho cha 1996 linapatsa zipani khumi zotsogola mipando iwiriiwiri pazokambirana za mtendere. Chipani cha amayi, chosakaniza Akatolika ndi Apulotesitanti, chinapeza voti imodzi yokha pa 100 iliyonse, komabe chinalowa. Monica McWilliams wa chipanichi ndi anzake ndi amene analimbikira kuti nkhani ya anthu ovutika ndi zipolowe ilowe m'pangano la 1998.

Ku Liberia amayi a gulu la Leymah Gbowee analibe mpando. Mu 2003 anakakhala pansi n'kutseka makomo a holo ya zokambirana za mtendere ku Accra, m'dziko la Ghana, kuti akuluakulu a magulu omenyana asatuluke asanamvane, ndipo pangano linasainidwa mu Ogasiti chaka chomwecho.

Pamene zimalakwika ndi apa: bungwe la United Nations linavomereza chigamulo 1325, chofuna kuti amayi azitenga nawo mbali pa nkhani za mtendere, mu 2000, koma okonza zokambirana ambiri amangoitana amayi ngati oonerera, monga zinachitikira kwa amayi a ku Burundi pazokambirana za ku Arusha, ku Tanzania. Woonerera saponya voti, sasainanso. Choncho, achemwali, mukamawerenga ziwerengerozi muzifunsa kuti mwa amayiwo ndi angati anali m'magulu okambirana, ndipo ndi angati anasaina.