Penti ya Subaru WRX STI yadzaza timizere: ndiipolishe kapena ndiisiye?

Mwini STI, Lilongwe:
Moni nonse. Miyezi inayi yapitayo ndinalandira Subaru Impreza WRX STI yakuda kuchokera ku Japan, yomwe inadzera padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Itafika inkawala bwino, koma tsopano ikaima padzuwa ndimaona timizere tozungulira ngati ukonde wa kangaude paboneti, padenga ndi pazitseko. Imatsukidwa kawiri pa sabata pamalo ena otsukira galimoto kufupi ndi kuntchito kwanga. Mmisiri wina wandiuza kuti angathe kuipolisha ndi makina tsiku limodzi, timizere tonse n'kutheratu. Ndisanamupatse makiyi, ndikufuna kumva kwa inu odziwa ntchitoyi ngati palibe choopsa, chifukwa galimotoyi ndinaivutikira kwambiri.

Wopolisha wa ku Johannesburg:
Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanapereke galimotoyo. Ntchito imeneyi ndi imene imandidyetsa kuno, ndipo choyamba chimene ndimauza kasitomala aliyense n'chakuti kupolisha sikutseka timizere, koma kumapala pentiyo mpaka pamwamba pake patsike kufika pamene kamzereko kathera. Penti ya kufakitale ili ndi zigawo zitatu: pulaimala pansi, mtundu pakati, ndi vanishi woonekera pamwamba amene timamutcha clear coat. Zonse pamodzi nthawi zambiri zimakhala pakati pa ma micron 100 ndi 180, ndipo vanishiyo payekha amangokhala pafupifupi 40 kapena 50, pamene micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Vanishi ameneyo ndiye amateteza mtundu ku dzuwa, ndipo amene wapalidwa sabwereranso. Akaboola, palibenso china koma kupenta mwatsopano.

N'chifukwa chake funso loyamba kwa mmisiriyo likhale lakuti: kodi ali ndi kachipangizo koyezera kuchindikala kwa penti? Ngati alibe, ine sindingamulole kukhudza galimoto yanga. Afunika kuyeza mbali iliyonse, chifukwa galimoto zochokera kunja zina zinapolishidwa kale kangapo, ndipo zina zinapentedwanso chitseko kapena bampala, zomwe zimaonekera muyeso ukadumpha kupitirira 250. Dziwaninso kuti boneti ya STI ndi ya aluminiyamu, choncho kachipangizo kodalira maginito kokha sikawerenga pamenepo.

Penti ya Subaru imadziwika kuti ndi yofewa poyerekeza ndi ya Audi, BMW kapena Mercedes-Benz. Imakandika msanga, komanso imakonzeka msanga, ndiye sipafunika mankhwala aukali. Makina a rotary, amene amazungulira malo amodzi, amatenthetsa penti ndipo m'manja mwa munthu wopupuluma amaotcha m'ngodya ndi kusiya mizere yawoyawo. Ine pa penti yotereyi ndimagwiritsa ntchito makina a dual action, amene siponji yake imazungulira uku ikugwedezeka osakhazikika malo amodzi, monga a Rupes, ndipo ndimayamba ndi siponji yofewa ndi polishi wosalala ngati Meguiar's M205 pa kachigawo kakang'ono. Ndikaona kuti sizikukwanira m'pamene ndimakwera kupita ku M105, polishi wopala kwambiri. Pomaliza ndimapukuta ndi spiriti wosungunula ndi madzi, chifukwa mafuta a polishi amabisa timizere, galimoto n'kuoneka yokongola mpaka tsiku limene idzatsukidwe.

Mayi wa Golf GTI, Blantyre:
Ndikugwirizana nawo, koma ine nkhawa yanga ili pa katsukidwe. Timizere timeneti sitinachokere ku Japan, tabwera ndi ndowa imodzi, nsanza imodzi ndi sopo wa ufa. Nsanza imene yatsuka matayala imanyamula mchenga ndi fumbi la mabuleki, kenaka n'kupita nazo paboneti. Mukapolisha lero n'kubwerera komweko, pakutha pa mwezi mudzakhala mwataya vanishi pachabe. Yanga ndimatsuka ndekha pamthunzi, ndipo ndimayamba ndi kuithira madzi ambiri kuti fumbi litsike ndisanaikhudze. Ndimakhala ndi ndowa ziwiri, ina ya sopo wa galimoto, ina yotsukuluzira nsalu ya microfibre, ndipo matayala ali ndi burashi yawoyawo. Madzi a pamjigo musawalole kuumira pa penti, makamaka m'mwezi wa October, pakuti amasiya madontho oyera amene amadya vanishi, monganso zitosi za mbalame.

Mwini STI, Lilongwe:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndafunsa, ndipo mmisiri uja alibe choyezera. Pachitseko cha dalaivala palinso kokandika kamodzi kakuya ndithu. Kodi kameneka kangachoke? Nanga ceramic coating, yopaka pamwamba pa penti poiteteza, imene anthu akuitama ija, ingathandize?

Wopolisha wa ku Johannesburg:
Yendetsani chikhadabo modutsa pokandikapo. Chikakodwa, ndiye kuti ndi pakuya moti kupachotseratu kungadye vanishi wambiri wozungulira, ndipo mukaona zoyera kapena zotuwa pansi, ndiye kuti padutsa kale mpaka ku pulaimala. Pamalo potere timangosalaza m'mbali mwake kuti pasamaonekere patali, kapena kudonthezamo penti ya nambala yake ya galimotoyo. Ine ndimakonda kusiya kokandika kamodzi m'malo mopyapyalitsa chitseko chonse.

Za ceramic, ndi yabwino koma anthu amaikokomeza. Imapangitsa madzi ndi dothi kutsetsereka, imachepetsa ntchito yotsuka, ndipo imakhala nthawi yaitali kuposa wakisi, koma siiletsa mwala kapena nsanza yamchenga kukanda. Imatsekeranso pansi chilema chilichonse chimene yachipeza, choncho imapakidwa pambuyo pa kuchotsa phula la mumsewu, kuyendetsa clay (chinthu chofewa ngati dongo chochotsera zinyalala zomatirira pa penti), kupolisha ndi kupukuta mafuta onse, m'chipinda chopanda fumbi. Ngati mumayenda kwambiri mumsewu wa M1 kumbuyo kwa malole, chimene chimateteza ku timiyala ndi pulasitiki yoonekera yomata, yotchedwa PPF, pabampala ndi kutsogolo kwa boneti. Pakadali pano sinthani katsukidwe monga anenera mayi aja, ndipo mukapeza mmisiri wokhala ndi choyezera, mumuuze ayambe wapolisha theka la chivundikiro cha buti, inu muliyang'ane padzuwa la masana musanamulole kupitiriza.