Okosijeni wa m'thanki kwa mwana wa cerebral palsy: alipo anayesapo?

Makolo anzanga, ndithandizeni maganizo. Mwana wanga wa zaka 4 ali ndi cerebral palsy, vuto la mu ubongo limene limalepheretsa thupi kuyenda bwino. Khosi likadali lofooka, supuni amaigwira koma phala lonse limathera pa chitenje changa. Lachiwiri lililonse timapita ku physio (masewera olimbitsa thupi a kuchipatala) kuno ku Chipata.

Alamu anga a ku Johannesburg akuti tiyese hyperbaric oxygen. Mwana amamulowetsa m'thanki yotseka, n'kumapuma okosijeni wopopedwa mwamphamvu kwa ola limodzi, maulendo mpaka 40. Koma ndinawerenga kuti pa kafukufuku wa ku Canada amene anatuluka mu 2001 anayesa ana 111, ndipo olandira okosijeniyo sanapose anzawo opuma mpweya wamba. Makutunso akuti amapweteka.

Atate ake atsala pang'ono kugulitsa ng'ombe zathu ziwiri ku Katete, ine mtima uli m'mwamba. Amene munayesapo, mwana anasintha chiyani? Nanga physio munaisiya?