Manambala osinthasintha malo pa makina olipirira: kodi amatitetezadi?

aNaphiri, Mufakose:
Abale anga, ndikupempha nzeru. Loweruka lapitali ndinaperekeza bambo anga kukagula zinthu m'sitolo ina m'tauni muno mu Harare, ndipo polipira ndi khadi anatipatsa kamakina kagalasi kopanda mabatani, komwe manambala ake anali obalalika: 7 pamwamba, 1 pakati, 0 pakona. Bambowo ali ndi zaka 74, maso anayamba kuchita chidima, ndipo nambala yawo yachinsinsi imakhala m'chala osati m'mutu. Analakwitsa kawiri anthu a pamzere akung'ung'udza, mpaka ndinawaletsa kuyesa kachitatu poopa kuti khadi lingatsekedwe. Kodi kusokoneza manambalaku kumateteza chiyani kwenikweni?

aBanda, Highfield:
Pepani mayi, koma phindu lake lilipo. Wakuba woima kumbuyo kwanu safunika kuwerenga manambala, amangoloweza mmene chala chikuyendera, popeza aliyense akudziwa kuti 1, 2, 3 amakhala pamwamba ndipo 0 amakhala pansi. Manambala akamasintha malo nthawi iliyonse, mayendedwe a chalawo samuuzanso kanthu. Chinanso ndi zizindikiro zomwe timasiya. Nambala ya manambala anayi ingalembedwe m'njira 10,000, koma ngati mafuta a m'zala aonetsa pagalasi manambala anayi osiyana omwe mwakhudza, njirazo zimangotsala 24. Mu 2011 akatswiri a ku University of California, San Diego anaonetsanso kuti kamera yoona kutentha imatha kuzindikira mabatani apulasitiki amene munthu wangodina kumene. Manambala akasintha malo, zizindikiro zotere sizimuuzanso wakuba manambala omwe mwadina.

aMbewe, Mbare:
ABanda, zimene mwanenazo sindikuzitsutsa, komatu mwangoyang'ana mbali ya wakuba n'kuiwala mwini khadi. Ine ndimagulitsa tomato ku Mbare Musika, kumene anthu amapanikizana phewa ndi phewa, ndipo ndaona kuti wolipira wochenjera amaphimba mabatani ndi dzanja lamanzere n'kudina ndi lamanja osayang'ana n'komwe. Pa manambala obalalika zimenezi sizitheka, chifukwa uyenera kuchotsa dzanja kuti uone, n'kuyamba kusakasaka nambala iliyonse chala chili m'malere, ndipo nthawi yonseyo woima pambali pako akuonanso galasi lomwelo. Kuchedwako ndiye mpata wake.

Tikumbukirenso kuti dongosolo lomwe tinazolowerali silinabwere mwangozi. Akatswiri a ku Bell Labs ku America anayesa masanjidwe osiyanasiyana pa anthu asanasankhe limeneli, ndipo mafoni amabatani anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1963. Kakadontho kotukuka pa batani la 5 kamathandiza munthu wosaona kupeza manambala ena onse pongofufuza ndi chala. Pagalasi losalala lomwe manambala ake amasamukasamuka, munthu wotereyu amakakamizika kunong'oneza wogulitsa nambala yake yachinsinsi, chomwe ndi choopsa kuposa zonse zomwe opanga makinawo amafuna kupewa.

aChisale, Glen View:
Kwa ine vuto ndi kukakamiza. Pa mafoni okhala ndi GrapheneOS kapena LineageOS, omwe ndi mapulogalamu oyendetsa foni, mwini foni amasankha yekha ngati akufuna kuti manambala otsegulira foni azisintha malo, ndipo ine ndinayatsa zimenezi chifukwa ndimatsegula foni m'kombi anthu atandizinga. Masiku oyamba chala chinkathamangira malo akale, koma pano ndinazolowera. Chomwe ndingalolere pa foni yanga sindingachifunire agogo amene aima pa kauntala mzere uli kumbuyo kwawo. Onaninso kuti polipira pa foni ndi EcoCash, podina *151#, manambala amakhala m'malo awo a masiku onse, choncho amene amakutetezani kumeneko ndi dzanja lanu basi.

Mayi, ulendo wina mufunse kaye ngati ali ndi makina amabatani. Akakhala kuti alibe, bambowo asafulumire, aziitchula nambala iliyonse mumtima asanaidine, inu mutaima kumbuyo kwawo kutchinga maso a anthu.

aNaphiri, Mufakose:
Zikomo nonse. Dzulo madzulo ndinalemba manambala mosokoneza papepala kuti bambo ayeserere, ndipo tinapeza kuti nambala yachitatu anali ataiiwaliratu mpaka atatenga foni yawo yakale yamabatani n'kulola chala kuti chiwakumbutse.